Tapatsidwa ntchito yopanga kanema wopanda mawu, tiyambire pati?

Tadala_Fomu3

Moni nonse akuluakulu. Ndife ophunzira asanu ndi mmodzi a Fomu 3, a m'kalabu ya zisudzo pa sekondale ina kuno ku Mulanje. Aphunzitsi atipatsa ntchito yoti tipange kanema wa mphindi 5 wopanda kuyankhula, ngati amakedzana aja akuda ndi oyera, ndipo tidzamuonetse kusukulu pakatha masabata asanu. Nyimbo atilola, koma liwu la munthu lisamveke.

Tili ndi mafoni awiri a Android, imodzi yabwinoko, ndi laputopu yakale ya aphunzitsi imene tingamabwereke tikaweruka. Ndalama tasonkha zochepa kwambiri.

Nkhani yathu ndi iyi: mnyamata watumidwa ndi agogo ake kukagulitsa tambala pa Chitakale kuti apeze ndalama ya kuchigayo. M'njira tambalayo apulumuka n'kulowa m'munda wa tiyi. Mnyamata amuthamangitsa mpaka amupeza ali m'manja mwa mtsikana wogulitsa zinanazi, amene akuti ndi wake. Tinalemba masamba anayi a zoyankhulana ndipo timaganiza zozilemba zonse pa sikirini. Tayesa kujambula pang'ono, koma nkhope zikutuluka zakuda bii, kumwamba kuli mbee, chithunzi chikugwedera. Chonde amene mumazidziwa tithandizeni: tiyambire pati, tigawane bwanji ntchito, nanga foni tiitchere motani?

MayiZisudzo_Thyolo

Tadala, nkhani yanuyo ndi yoyenera kanema wotereyu chifukwa ili ndi chinthu chimene diso lingatsate kuyambira poyamba mpaka pothera, tambalayo. Chimene chingakugwetseni ndi masamba anayiwo. Mukawalemba onse pa sikirini, anzanu adzakhala mphindi zisanu akuwerenga, osati kuonera. Musanagwirenso foni, khalani pansi nonse ndi pensulo, mutenge chiganizo chilichonse n'kudzifunsa kuti kodi ichi chingaoneke ndi maso?

Titenge poyambira panu. Mwina munalemba kuti agogo akuti ufa watha, ndalama palibe, pita ukagulitse tambala. Zonsezo zimatheka popanda chilembo n'chimodzi chomwe. Agogo apendeketsa chitini cha ufa, achigogoda pansi pake, pagwa kafumbi chabe. Ayang'ana thumba la chimanga lili pakhonde. Amasula mfundo ya pa chitenje, manja okha tikuwaona pafupi, mulibe ngakhale khobidi. Adzutsa mutu, maso awo aima pa china chake. Tiona tambala akujompha pabwalo. Kenako nkhope ya mnyamata, wazindikira, akupukusa mutu pang'ono. Amenewo ndi mashoti asanu ndi imodzi, masekondi ngati 25, ndipo ngakhale mwana wa Sitandade 2 wamva nkhani. Shoti ndikutanthauza kuyambira pamene mwadina kujambula mpaka pamene mwaimitsa.

Povuta kwambiri ndi pa mkangano wa mwini tambala, chifukwa mkangano ndi mawu. Kuti uoneke, muyenera kubzala chizindikiro koyambirira. Asananyamuke, mnyamata amange kansalu koyera pa mwendo wa tambala, ndipo muchionetse pafupi kwa masekondi atatu athunthu, osachidutsa mothamanga. Kumapeto, mtsikana akukana, wakumbatira tambala, miyendo yabisika m'chitenje. Mnyamata aloza, mtsikana akweza tambala monyinyirika, kansalu kaja kaonekera. Oonera amakondwa kwambiri akakhala kuti iwo adziwa kale chinthu chimene wina wa m'kanemamo sakudziwa. Kansaluko kasakhale kofiira, chifukwa chake akufotokozerani odziwa za kamera.

Mukatha, mulembe kanema yense papepala, mzere umodzi shoti imodzi, ndi nambala yake, komanso ngati ndi yakutali, ya kuyambira m'chiuno kapena yapafupi. Masamu ake ndi awa. Mphindi 5 ndi masekondi 300. Muchotsepo ngati 40 a mawu olembedwa, atsala 260. Shoti iliyonse ikamatenga masekondi asanu, mufunika mashoti 50 kapena kupitirira pang'ono. Kukonzekera shoti imodzi ndi kuijambula katatu kumadya mphindi 10, ndiye pa ola mupanga asanu ndi imodzi. Choncho mufunika masiku atatu kapena anayi ojambula a maola atatuatatu, ndi tsiku lina lapadera lobwereza zimene zalakwika. Sabata yoyamba ithere papepala ndi kuyeserera, iwiri yotsatira kujambula, yachinayi kulumikiza mashoti pa laputopu, yomaliza nyimbo. Magulu ambiri amathera masabata anayi akujambula, n'kumalumikiza usiku woti mawa aonetsa.

Za kasewero. A kalabu ya zisudzo munazolowera siteji, kumene mumatambasula manja kuti wa kumbuyo kwa holo aone. Kamera ili pafupi, ndiye zomwezo zimaoneka ngati mukuchita masewera. Kanema wopanda mawu safuna kukupiza manja, amafuna kuti chochita chilichonse chikhale chokha, chithe, china chiyambe. Wayang'ana, waima. Waona, waima. Watambasula dzanja. Pa kuima kulikonse awerenge mumtima kuti wani, thu. Buster Keaton anatchuka ndi nkhope yosamwetulira konse, thupi ndi maso ndizo zimagwira ntchito. Pezani kanema wa Charlie Chaplin wa 1921 wotchedwa The Kid, muonere mphindi khumi zokha muli ndi kope, muziwerenga mashoti ndi kuona kuti mawu olembedwa akubwera kangati.

Mwayi umene muli nawo ndi woti wotsogolera akhoza kuyankhula pamene kamera ikujambula: cheuka tsopano, pang'onopang'ono, ima, yang'ana pansi. Akale ankachita chomwecho. Mukhozanso kujambula pafupi ndi chigayo chikulira kapena m'mbali mwa msewu, palibe chimene chiwonongeke. Koma osewera akamatsegula pakamwa azinenadi mawu enieni a m'nkhaniyo, chifukwa anzanu adzawerenga milomo, ndipo wina akanena zachibwana holo yonse idzaseka pamalo osayenera.

Kagawidwe: osewera atatu, mnyamata, mtsikana ndi agogo. Wotsogolera mmodzi, wojambula mmodzi, ndi wosunga kope mmodzi. Wosewera amene sali pa shoti imeneyo agwire chowunikira, katoni yobweza kuwala pa nkhope, ndi kuletsa ana odzaonerera. Maganizo a aliyense amveke pa sabata yoyamba, koma pa tsiku lojambula wonena kuti tiyeni ndi kuti basi akhale mmodzi, apo ayi zidzakhala ngati anthu asanu agwira mthiko umodzi. Wosunga kope musamuyese wopepukidwa, ntchito yake ndiyo imapulumutsa kanema. Amalemba nambala ya shoti papepala n'kuionetsa ku kamera musanayambe, amalemba kuti mwa katatu kaja yabwino ndi iti, ndipo amatola chithunzi cha zovala ndi dzanja limene lanyamula tambala, kuti Loweruka lotsatira zisasinthe.

Wojambula_Luchenza

Za nkhani amayi amaliza. Ine ndiyankhe za nkhope zakudazo ndi kugwederako.

Foni imayeza kuwala kwa chithunzi chonse pamodzi. Ikaona kuti theka la chithunzi ndi kumwamba kowala, imatsitsa kuwala kuti mitambo ioneke bwino, ndiye khungu lathuli limamira. Poyamba sinthani poimira. Kumbuyo kwa wosewera kukhale tiyi, mitengo, khoma la njerwa kapena phiri, osati thambo. Kwezani foni pang'ono kuposa maso a wosewera, thambo lichepe. Kenako dinani pa nkhope yake pa sikirini osachotsa chala kwa masekondi awiri. Mafoni ambiri amalemba kuti AE/AF lock, kusonyeza kuti kuwala ndi focus, malo amene chithunzi chikuoneka bwinobwino, zamangidwa pamenepo. Kwezani kachizindikiro ka dzuwa kali pambali pa sikirini mpaka maso ndi masaya zioneke bwino. Thambo likayera mbee musadandaule, pa kanema wakuda ndi woyera sizinyansa. Mukapanda kumanga, munthu akangosuntha chithunzi chimawala n'kuda chokha pakati pa shoti, ndipo zimenezo sizikonzeka pa laputopu.

Chowunikira pangani nokha. Katoni ya masentimita 60 mulitali ndi 90, mbali imodzi mumate pepala loyera la manila, mbali inayo pepala lonyezimira lokutira zakudya lija, mutalikwinya kaye n'kulitambasulanso kuti lisathobwe m'maso. Wogwira aime mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pa nkhope, katoni ili cha pachifuwa, akubweza dzuwa m'mwamba pang'ono. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wosewera chakumbali, lizijambula mzere wowala m'mphepete mwa mutu ndi mapewa, nkhope iziwalitsidwa ndi katoniyo. Wogwira asagwedezeke, chifukwa kuwala kukamavina pa tsaya kumaoneka msanga.

Nthawi yabwino ndi kuyambira 7 koloko mpaka 10 m'mawa, ndi kuyambira 3 koloko masana. Dzuwa lili paliwombo maso amakhala maenje akuda. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa 5 koloko itangodutsa, ndiye mukaweruka muli ndi ola limodzi ndi theka basi, dalirani Loweruka m'mawa. Ngati mukajambulire mbali ya ku Likhubula, dziwani kuti phiri limatchinga dzuwa la m'mawa, limafika mochedwa kuposa kwina, ndiye pitani dzulo lake mukaone nthawi imene likugunda pamalo anuwo.

Chiperoni musachiope. Kuwala kwake ndi kofewa, nkhope zimatuluka bwino kuposa padzuwa, kungoti foni muitchinge ndi ambulera ndipo muzipukuta galasi la kamera musanajambule shoti iliyonse. Vuto lake ndi awiri. Phiri limasowa, ndiye tsiku loyamba limene laonekera bwino siyani zonse mujambule mashoti onse akutali amene mukufuna phiri. Komanso gawo limodzi la nkhani lisayambe padzuwa n'kuthera pa chiperoni. Gawo lililonse limalizidwe tsiku lomwelo.

Tsopano nkhani ya mitundu, imene ku Mulanje ndi ku Thyolo kuno imapweteka kwambiri. Mukachotsa mitundu, chobiriwira cha tiyi ndi chofiira cha dothi lathu zimasanduka zotuwa zofanana ndithu. Mtsikana atavala chitenje chofiira pakati pa tiyi, amene ndi maso akuoneka patali, pa kanema amasungunuka. Tambala wofiira pa dothi lofiira chimodzimodzi. Pezani tambala woyera kapena wamawangamawanga. Mnyamata avale malaya owala, mtsikana chitenje cha maluwa akuluakulu akuda ndi oyera, kuti ngakhale ali patali tiziwasiyanitsa. Zamizeremizere ing'onoing'ono zipeweni, zimanjenjemera pa sikirini. Malaya oyera mbee nawonso amapsa padzuwa n'kusiya nkhope mumdima. Tengani akale a pa kaunjika, osati yunifolomu, muwanyike mphindi 20 m'malita awiri a madzi otentha momwe mwathira masupuni akuluakulu asanu a masamba a tiyi, mutsukuluze n'kuyanika. Amatuluka otuwirako, ndipo pa kanema amaonekabe oyera.

Jambulani ndi mitundu, mudzaichotse polumikiza. Kuti muziona mmene zidzakhalire, tembenuzani sikirini yokha ya foni ikhale yotuwa. Pa Android zili pa Bedtime mode kapena pa Developer options pamene palembedwa Simulate colour space. Zimasintha zimene mukuona zokha, fayilo imasungabe mitundu.

Katchedwe ka foni: igoneke chopingasa, kukula kwa chithunzi kukhale 1080p, zithunzi 25 pa sekondi. Ngati kamera ya foniyo ikukana 25, ikani pulogalamu ya Open Camera, ndi yaulere, ngakhale mafoni ena amakanabe. Chifukwa cha 25 n'chakuti magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndiye mukajambula pa 30 m'chipinda choyatsa babu, pamatha kuoneka mizere yoyenda kapena kuphethira. Panja padzuwa 30 alibe vuto, chachikulu n'chakuti kanema yense akhale pa nambala imodzi. 4K, yoposa 1080p kukula, isiyeni, imatenthetsa foni ndipo laputopu yakaleyo idzatsamwa. Pa 1080p mphindi imodzi imadya cha m'ma 130 MB. Mashoti 50, katatukatatu, masekondi 15 iliyonse, ndi mphindi pafupifupi 40, ndiye 5 GB. Siyani malo a 8 GB. Gwiritsani foni imodzi yabwinoyo pa kanema yense, inayo ikhale ya wosunga kope, chifukwa mafoni awiri satulutsa zofanana. Ikani pa flight mode, wina akaimba shoti imaduka. Osakoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chimachita mchenga, sunthani foniyo.

Makanema akale anali a 4:3, osati otambalala. Mukafuna maonekedwe amenewo mudzadula gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu kumanzere ndi kumanja komwe. Matani katepi pa sikirini m'malo amenewo kuti tambala asakhale kumene kudzadulidwe.

Kugwedera: foni isakhale m'manja. Nsungwi zitatu za mita imodzi ndi theka, muzimange pamwamba ndi mphira wa chubu cha njinga, pamwamba pakepo kathabwa, foni muimangirire ndi malabala awiri kapena kamutu ka selfie stick. Pa mashoti apansi a tambala, kathumba ka mchenga pa njerwa n'kokwanira. Dinani, chotsani dzanja, werengani mpaka 3, kenako wotsogolera anene kuti tiyeni, ndipo akatha muwerengenso mpaka 3 musanaimitse. Pothamangitsana mukafuna kamera iyende, wojambula akhale pa keriyala ya njinga ya kabaza, matayala ataphwetsedwa pang'ono, anthu awiri akuikankha pamalo osalala, osapalasa. Shoti yotere imodzi kapena ziwiri zakwana.

Chomaliza, mbali. Ngati popita kumsika mnyamata akuyenda kuchoka kumanzere kupita kumanja, aziyenda choncho pa shoti iliyonse mpaka atafika, ndipo pobwerera atembenuke. Tambala akathawira kumanja, mnyamata athamangirenso kumanja. Kamera ikhale mbali imodzi ya njira tsiku lonse. Mukaolokera mbali inayo, pa sikirini zidzaoneka ngati awiriwo akuthamangira kukakumana. Pokangana, mnyamata akayang'ana kumanja, mtsikana aziyang'ana kumanzere. Popanda mawu, mbali zimenezi ndizo zimauza anthu kumene ali.

Tadala_Fomu3

Zikomo kwambiri amayi, zikomo achimwene a ku Luchenza. Takhala pansi, masamba anayi aja atsala ziganizo 14. Tatsala ndi mafunso atatu. Tambala timupangitsa bwanji kuti apite kumene tikufuna? Pali gawo lina la usiku pamene agogo akudikira pakhomo, koma foni yathu usiku imangotulutsa mdima. Nanga pamsika ndi m'munda wa tiyi tingangofika n'kuyamba kujambula?

Wojambula_Luchenza

Tambala samvera wotsogolera, ndiye musamuike pa shoti imodzi ndi wothamangitsa kupatula kamodzi kapena kawiri. Mujambuleni payekha. M'mawa umenewo muchedwe kumupatsa chakudya, kenako muwaze madeya kapena mpunga mumzere umene mukufuna adutse, foni ili pansi pa kathumba kaja. Kuti athamange, wina amuingitse ali kunja kwa chithunzi. Ulusi wakuda wa mamita atatu pa mwendo suoneka patali ndipo umamuletsa kusowadi m'tiyi. Tengani mashoti ambirimbiri aafupi: akucheuka, akujompha, akukupiza mapiko, akulowa pansi pa chitsamba. Masekondi awiriawiri ndi okwana. Azikhala m'dengu pamthunzi ndi madzi akumwa, ndipo musamugwiritse ntchito kupitirira theka la ola osapuma, akayamba kuyasama ndiye kuti watenthedwa.

Usiku musajambule usiku. Akale ankajambula masana n'kunyika filimuyo mu utoto wa buluu, anthu n'kumadziwa kuti kwada. Inunso jambulani chakumadzulo pamthunzi wa nyumba, thambo lisaoneke ngakhale pang'ono, tsitsani kuwala pa foni, agogo agwire koloboyi woyaka pafupi ndi nkhope. Buluu mudzamuika polumikiza.

Mkonzi_Bvumbwe

Ziganizo 14 zikadali zambiri, Tadala, yesetsani zifike 8 kapena 10. F. W. Murnau mu 1924 anapanga kanema wathunthu, Der letzte Mann, pafupifupi wopanda mawu olembedwa, ndiye pa mphindi zisanu n'zotheka. Mawu olembedwa atsale pokhapokha pamene pali dzina, mtengo wa tambala, kupita kwa nthawi, kapena bodza. Bodza la mtsikana loti "Ndi wanga!" ndi loyenera kulembedwa, chifukwa anthu akuwerenga china pamene akudziwa china.

Khadi lililonse la mawu olembedwa lisapitirire mizere iwiri, zilembo zoyera zikuluzikulu pamalo akuda. Njira yokongola ndi yosalira ndalama ndi kulemba ndi choko pa bolodi ya m'kalasi yopukutidwa ndi nsalu yonyowa, n'kuijambula foni itaima njii moyang'anana nayo. Alembe munthu mmodzi makhadi onse. Kutalika kwake musawerenge mawu, chifukwa liwu limodzi la Chichewa limatha kunyamula chiganizo chonse. Werengani khadilo mokweza, modekha, kawiri, nthawi imeneyo ndiyo yake. Nthawi zambiri ndi masekondi atatu mpaka asanu. Poika, wosewera ayambe kutsegula pakamwa, dulani pamenepo, khadi, kenako mubwerere kwa iye akumaliza kapena kwa womvera. Khadi likabwera munthu asanayambe kuyankhula, anthu sadziwa kuti wanena ndani.

Pa laputopu yakale ikani pulogalamu yolumikizira kanema ya Shotcut, ndi yaulere ndipo ndi yopepuka. Ina yotchedwa DaVinci Resolve ili ndi ubwino woti pa RGB Mixer mukasankha Monochrome mumatha kuwalitsa chofiira n'kudetsa chobiriwira, zimene zingapulumutse mashoti a m'tiyi, koma imafuna kompyuta yamphamvu. Laputopu ikakanika, CapCut pa foni imatha ntchito ya mphindi zisanu, mungokumbukira kufufuta kachizindikiro kake kumapeto. Mafayilo samutsani ndi chingwe madzulo a tsiku lililonse lojambula, akhale pa laputopu ndi pa fulashi, mayina ake akhale manambala a m'kope aja. Osatumizirana pa WhatsApp ngati kanema wamba, amawafinya mpaka nkhope zimachita mabokosi.

Kalumikizidwe: yalani kaye mashoti onse motsatira kope, osakongoletsa chilichonse. Mudzapeza kuti ndi mphindi 7 kapena 8. Kenako muzidula. Lowani pa shoti chochita chitangoyamba, tulukani chikangotha. Munthu akamakhala pansi ndipo mukusintha kuchoka patali kubwera pafupi, dulani ali pakati pokhalapo, diso silimva kulumphako. Chida chanu chachikulu ndi mashoti atatu otsatana: nkhope ikuyang'ana, chimene ikuona, nkhope kachiwiri. Lev Kuleshov wa ku Russia anaonetsa zaka zoposa 100 zapitazo kuti nkhope imodzimodzi, ikatsatana ndi mbale ya chakudya anthu amati munthuyo ali ndi njala, ikatsatana ndi bokosi la maliro amati ali ndi chisoni. N'chifukwa chake tambala wojambulidwa Lachitatu kuseri kwa sukulu ndi mnyamata wojambulidwa Loweruka kumunda adzaoneka ngati akuyang'anana.

Kuthamanga kwa anthu m'makanema akale kunabwera chifukwa ambiri ankajambulidwa pa zithunzi 16 mpaka 18 pa sekondi, kamera yopukusa ndi dzanja, n'kumaonetsedwa mofulumirirapo. Nambala ya 24 inakhazikika mawu atabwera, kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Inu fulumizitsani gawo lothamangitsana lokha, liwiro likhale pa 1.2, musapyole 1.3. Gawo la agogo lisiyeni mmene lilili. Zokandakanda ndi madontho zimene mapulogalamu amaika kuti kanema aoneke wakale musaike, zimabisa nkhope zimene mwavutikira kuwalitsa. Chotsani mitundu, onjezani contrast, kusiyana kwa zakuda ndi zoyera, pang'ono, basi.

Musanaike nyimbo, itanani anthu awiri amene sakuidziwa nkhaniyo, mwina a Fomu 1, aonere muli chete, kenako akufotokozereni. Pamene asokonezeka ndi pamene pakufunika shoti yapafupi, ndipo ndiyo ntchito ya tsiku lobwereza lija. Potulutsa, MP4, H.264, 1080p, cha m'ma 10 Mbps, fayilo idzakhala pafupifupi 400 MB. Nyimbo muijambule n'kuimata pa fayilo yomweyo kuti pa tsikulo mungodina.

MayiZisudzo_Thyolo

Za malo, ayi, musangofika. Pemphani kalata ya ahedi yonena kuti ndinu ophunzira ndipo kanemayo ndi wa kusukulu. Minda ya tiyi ya maesiteti ndi malo a eni ake, mukayambire ku ofesi, ndipo othyola tiyi musawajambule osawapempha, ali pantchito. Chapafupi ndi kupempha mlimi wa tiyi wa m'mudzi, kudzera kwa amfumu, mizere itatu kapena inayi ndi yokwanira kamera ikakhala pansi. Pamsika weniweni pamavuta, anthu amayang'ana kamera, ana amadzaza kumbuyo, ena amakwiya. Tengani shoti imodzi yakutali mutalankhula ndi oyang'anira msika, zotsalazo mumange kamsika kanu kuseri kwa sukulu: mabenchi awiri, mulu wa zinanazi, nthochi, anzanu asanu atavala zakunyumba akudutsadutsa. Ngati mudzamuike pa intaneti, makolo a osewera avomereze polemba, poti ambiri simunafike zaka 18.

Wang'oma_Likhubula

Pa nyimbo ndisiyane pang'ono ndi achimwene a ku Bvumbwe. Makanema amenewa sankaonetsedwa mwakachetechete, m'holo munkakhala woimba piyano, kwina gulu lonse, akutsatira chithunzi. Ngati aphunzitsi alola, imbani pompo. Yojambulayo ikhalepo ngati yodzitetezera komanso ya pa intaneti. Nyimbo za oimba zimene zili m'mafoni mwanu musatenge, zili ndi eni ake, za chilolezo amayendetsa ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ndipo Facebook ndi YouTube amatha kuzimitsa mawu a kanema wotere.

Zida zitatu zakwana: ng'oma yaing'ono, chisekese, ndi banjo kapena gitala. Munthu aliyense wa m'nkhani akhale ndi kaimbidwe kake. Agogo banjo yodekha, mnyamata ng'oma, tambala chisekese, kuti chikangolira anthu adziwe kuti ali pafupi ngakhale asanaoneke. Lembani papepala mphindi ndi sekondi pamene gawo lililonse likuyamba, koma oimba aziyang'ana sikirini, ndipo chizindikiro chosinthira chikhale chinthu chooneka, monga pamene chitini chapendekeka. Musaimbe mphindi zonse zisanu. Pamene kansalu ka pa mwendo kakuonekera, zida zonse zileke kwa masekondi atatu, kenako banjo ibwerere yokha.

Pojambula ya pa fayilo, lowani m'kalasi nthawi yopanda anthu, tsekani mawindo, yalani mabulangete pa madesiki kuti mawu asabwererebwerere. Foni ikhale mita imodzi kuchokera pa banjo, ng'oma ikhale mamita atatu kumbuyo ndipo iimbidwe ndi zala, apo ayi maikolofoni ya foni imang'ambika. Imbani kanema yense katatu mukumuonera pa laputopu, musankhe kamodzi kabwino. Wina aombe m'manja kamodzi pamene chithunzi choyamba chikuwonekera, wolumikiza adzayambire pamenepo n'kudula kuombako.

Kutatsala masiku awiri, kayeseni m'chipinda chenichenicho, pa ola lenilenilo, ndi pulojekita kapena TV imene mudzagwiritse. Pulojekita imatuwitsa zakuda, ndiye mawindo atchingidwe ndi mabulangete kapena makatoni, ndipo wina akaime kumbuyo kwenikweni aone ngati makhadi akuwerengeka. Oimba akhale kutsogolo chakumbali, kumene akuona sikirini osatchinga anthu. Laputopu ikhale yodzaza moto, fayilo ikhale pa mafulashi awiri ndi pa foni, ndipo mufunsiretu ngati sukulu ili ndi sola kapena jenereta magetsi atazima.